Amene Ankayendetsa Mayendayekha

Padangotere. Amene muli kutali senderani kuno, amene muli pafupi muvomere kuti tili limodzi.

Kudziko la nyama kunabwera galimoto yoyenda yokha. Anaigula ndi a Njati, bwana wa mabasi onse a kumeneko, ndipo amene anaiphunzitsa msewu anali a Kadzidzi, mphunzitsi wamkulu wa za makina. Mpando wa dalaivala unalimo, chiwongolero chinalimo, koma pampandopo sipankakhala munthu. Chiwongolero chinkangotembenuka chokha, pang'onopang'ono, ngati chili kumaloto. Nyama zinaipatsa dzina loti Mayendayekha.

Aliyense anaikonda. Anyani amene kale ankayendetsa mabasi anali amwano, ankamwa, ankapanikiza anthu ngati matumba a chimanga. Mayendayekha sinkamwa, sinkatukwana, sinkauza munthu kuti anyamule mnzake pamiyendo. Ikamayenda inkang'ung'udza motsitsa, ndipo wokwera aliyense ankayamba kusinza asanakhazikike n'komwe. Anthu ankatsika akuyasamula, akusimbirana maloto. Anyani aja anangotsala pasiteji, kumasewera bawo, kumaiperekeza ndi maso.

M'mawa wina a Bilimankhwe ananyamuka kupita kudimba, kutsidya kwa msewu. Mayendedwe awo mumawadziwa: phazi kutsogolo, kuganiza, phazi lomwelo kubwerera pang'ono, kenaka kuponda. Mumadziwanso kuti thupi lawo limatenga mtundu wa chimene apondapo. Atafika pamsewu wa tala anasanduka tala. Mayendayekha inabwera, inadutsa, inapita. M'galimotomo palibe anadzuka.

Anthu a pamudzipo anayala masamba pamsewu monga amachitira pakagwa maliro, kuti wodutsa achepetse liwiro. Galimoto ija pobwerera inangowaulutsa masambawo, ikung'ung'udza.

Tsono pamudzi umenewo panali Likongwe, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Anali wochepa thupi, wakamwa lakuthwa, ndipo masiku wamba eni nkhuku sankamupatsa moni. Koma pamaliro adzukulu satsutsidwa, ndiye tsiku ngati limeneli Likongwe ankayenda mchira uli m'mwamba. M'mawa mwake iye ndi anzake analawirira kumanda. Khasu loyamba anamenya ndi iye. Dzuwa lisanatenthe dzenje linali litatha.

Kudziko limenelo dzenje la manda silinkaloledwa kugona lopanda munthu. Dzuwa likalowa lili chitsegukire, linkaitana amene anamenya khasu loyamba. Likongwe ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake anathamangira kusiwa, kumene kunali mtembo, nagwada pakhomo.

Namfedwa, mayi Nadzikambe, anali atakhala pamphasa, diso limodzi lili pabokosi, lina lili kukhomo.

"Alamu," anatero Likongwe, "nyumba ya amuna anu tamanga. Yosadontha, yopanda nsikidzi. Tinyamule?"

"Sanyamulidwa."

"Aa, mukufuna tiwasunge ngati mbewu?"

"Amene wawapha sanabwere," anatero mayi Nadzikambe, mawu ali pansipansi. "Munthu akapha mnzake, ngakhale mwangozi, amafika pasiwa. Amanena pamaso pa anthu kuti ndine, n'kugwira bokosi. Mbuzi sindikufuna, nsalu sindikufuna. Ndikufuna ndimuone."

"Alamu, galimoto ija ilibe dalaivala."

"Kamufuneni."

"Dzuwa likalowa, dzenje lija liitana ine."

"Ndiye fulumirani."

Likongwe anayang'ana kwa amayi ena amene anali m'nyumbamo kuti mwina wina amuthandiza. Onse anaweramitsa mitu. Anadzuka, napukuta mawondo, nauyamba wa kusiteji. Panjira anayamba kanyimbo kake. Kanali kafupi, kofunsa kuti manja amene anali pachiwongolero ndi a yani, kenaka kankapempha dzuwa kuti likhale pansi lipumeko, ndipo kankathera pamawu otsanzira khasu likamenya nthaka youma.

Pasiteji anapeza Mayendayekha itaima. Chitseko chinatseguka chokha.

"Takulandirani," anatero mawu ofewa ochokera m'galimotomo. "Mukupita kuti?"

"Ndabwera kwa iwe. Dzulo unaponda munthu."

"Pepani, malo amenewo sindikuwadziwa. Mukupita kuti?"

"Ndati wapha a Bilimankhwe!"

"Kwa Bilimankhwe kulibe siteji. Mukupita kuti?"

Anyani a pabawo anaseka. "Itukwaneni, adzukulu," anatero mmodzi. "Ife mukatitukwana tinkabweza. Iyo ikuthokozani."

Likongwe anaona kuti apa palibe khutu. Anakwera, nati, "Kwa mwini wako."

Pampando wa kutsogolo panali mayi Mbira, wogulitsa tomato, amene ankakwera galimotoyo tsiku ndi tsiku. Maso awo anali atayamba kale kulemera.

"Mayi, dzulo m'mawa munalimo?"

"Ndinalimo, bambo. Pomwe pano."

"Munaona chiyani?"

"Ndinaona malemu amayi anga," anatero mayi Mbira akumwetulira. "Anali pakhonde, akusenda nandolo. Anali atavala nsalu yawo ya maluwa ija, ndipo nandoloyo sankatha m'lichero."

"Ndikunena pamsewu, mayi."

"Pamsewu? Ife tinasiya kale kuona pamsewu. Timakwera ino kuti tisamaonepo." Anayasamula. "Kanamveka kanthu pansi, kakang'ono. Kumalotoko ndinaona ngati amayi agwetsa mbale."

Atatero anatsamira pagalasi, tulo n'kuwatenga. Likongwe anayesa kuimba kanyimbo kake kaja, koma kung'ung'udza kwa galimoto kunkakameza. Zikope zinalemera. Anaona kuti akuyenda pamtambo woyera, khasu lili paphewa, ndipo kutsogolo kwake kunali dzenje lija litayasama, likumufunsa ndi mawu ofewa kuti akupita kuti. Anadziluma mchira mpaka misozi inatuluka. Ulendo wonse anayenda mchira uli kukamwa.

Atatsika anawapeza a Njati mu ofesi, atadzaza mpando wonse. Likongwe anaima pakhomo, naimba kanyimbo kaja mpaka pakhasu, kenaka anafotokoza chimene wadzera.

"Galimoto ndi yanga, eya," anatero a Njati. "Dzina langa lili pachitseko. Koma dzulo nthawi imeneyo ndinali pano, ndikumwa tiyi. Funsa aliyense. Manja angawa sanagwirepo chiwongolero chibadwire."

"Nanga ndikawauze chiyani amayi aja, bwana?"

"Ukawauze kuti ndamva chisoni. Ukufuna woyendetsa, pita kwa Kadzidzi, ndiye anaiika nzeru." A Njati anafwenthera. "Ngakhale nzeru zake n'zotani? Popanda ine bwenzi akuphunzitsabe ana a mbewa kuwerenga. Koma ukamumva polankhula, ungati galimotoyo anaiswa yekha m'dzira."

Likongwe anawomba m'manja motsanzika. Mawu omalizawo anawasunga.

A Kadzidzi ankakhala m'nyumba yotseka makatani masana onse. Likongwe anagogoda, naimba kanyimbo kake pakhomo, mawu atayamba kusasa. Pamene ankafika popempha dzuwa kuti lipume anayang'ana kumwamba, naona kuti lapendeka.

"Ine ndinaiphunzitsa kuona," anatero a Kadzidzi atamva nkhaniyo. "Ndinaionetsa njovu, ndinaionetsa mbidzi, ndinaionetsa agwape, onse ikuwadziwa."

"A Bilimankhwe munaionetsa, aphunzitsi?"

"Ndinaionetsa. Wobiriwira, ali patsamba."

"Pamsewu sakhala obiriwira."

"Ndiye kuti galimoto inaona msewu, n'kuyenda pamsewu. Yalakwa chiyani? Ine ndalakwa chiyani? Ndinali m'nyumba muno, ndikugona." Anatembenuza mutu mpaka kumsana, n'kuubweza. "Amene anafulumira kuitulutsa ndi Njati. Ndinati idikire iphunzire zina, iye ayi, anthu akufuna kukwera. Chimene amadziwa n'kulemba dzina lake pachitseko, zilembo zikuluzikulu, ngati kuti mnofu umaganiza."

Likongwe anakhala pansi pakhomopo. Anali atafunsa galimoto, wokwera, mwini wake ndi mphunzitsi wake, ndipo onse analibemo. Mthunzi wake unali utayamba kutalika. Anauyang'ana, naganiza za mawu aja akuti ndine. Anaona kuti mawuwo akabwera atavala nsalu yamaliro aliyense amawathawa. Nanga atawaveka jekete?

Anadzuka, nasasa fumbi.

"Zikomo, aphunzitsi, mwandimasula. Ndiye mpando uja tingowapatsa a Njati."

"Mpando wanji?"

"Aa, simunamve? Kumaliro kwasonkhana dziko lonse. Za mbuzi kulibe, za nsalu kulibe, anenetsa okha amayi a maliro. Anthu angofuna kumuona ndi maso amene amayendetsa Mayendayekha, wa manja osanjenjemera, woti okwera onse amagona osadzidzimuka. Taika mpando umodzi kutsogolo kwa khamu. A Njati akuti ndi wawo. Akuti inu munangothandizako kupukuta magalasi."

Nthenga za a Kadzidzi zinaima zonse.

"Kupukuta magalasi?"

"Ine ndangomva, aphunzitsi."

A Kadzidzi sanatseke n'chitseko chomwe. Anauluka dzuwa lisanalowe, akuwomba nthambi uku ndi uku chifukwa cha kuwala.

Likongwe anathamangira kwa a Njati, nafika akupuma wefuwefu.

"Bwana, musavutikenso, woyendetsa wapezeka. A Kadzidzi anyamuka kale kukakhala pampando."

"Mpando wanji?"

Likongwe anafotokoza monga anafotokozera poyamba, koma pothera anasintha. "Akuti inu mumangogula matayala."

A Njati anadzuka, tebulo n'kugwa. Sanadikire galimoto. Anathamanga ndi miyendo yawo, Likongwe atakakamira panyanga, ndipo nthawi imeneyi kanyimbo kaja anakaimba mumtima.

Anafika pasiwa nthawi imodzi, wina pansi wina m'mwamba. Anthu anali atakhala phee pabwalo, amayi uku abambo uku, bokosi litatulutsidwa pakhonde. Likongwe anadumpha, nalanda mpando umene panakhala mkulu wina, naukhazika pafupi ndi bokosi.

"Zikomo amayi, zikomo abambo!" anafuula. "Mpando uwu ndi wa amene amayendetsa Mayendayekha. Mwini wake akhalepo, timuone."

"Ndine!" anatero a Njati, akukankha anthu. "Imapita kumene ndanena ine, nthawi imene ndanena ine, paliwiro limene ndanena ine. Ikamayenda ndiye kuti ndikuyenda ndine!"

"Bodza!" anatero a Kadzidzi, atatera pamsana pa mpandowo. "Ndine! Iwe ungayendetse chiyani, ngakhale wilibala? Maso ake ndi anga. Chimene yaona ndiye kuti ndaona ndine, chimene sinaone ndiye kuti..."

Anaima pomwepo.

Mayi Nadzikambe anakweza mutu. Diso limodzi linapita kwa a Njati, lina kwa a Kadzidzi, ndipo anawayang'ana onse awiri nthawi imodzi, mosafulumira.

"Ndamva," anatero. "Anthu amvanso. Ndinkayesa ndi mmodzi. Gwirani bokosi."

"Mayi, ine ndimatanthauza kuti..." anayamba a Njati.

Adzukulu anali atazungulira kale, makasu ali m'manja. Likongwe anatsogolera kanyimbo kaja ndipo onse anavomera, koma tsopano funso lija linali ndi yankho, mayina awiri, ndipo pothera makasu enieni anagunda pansi.

"Bwana," anatero Likongwe, "ife ntchito yathu n'kukwirira. Kufukula mawu amene mwanena sitidziwa."

Bokosi la a Bilimankhwe linali kachidutswa ka nsungwi. A Njati analinyamula m'manja awiri, atawerama, ngati anyamula madzi. A Kadzidzi anauzidwa kuti ayende pansi, patsogolo pa bokosi, aziyang'ana kuti wina asapondedwe. Kutsogolo kwa onse kunali mayi Nadzikambe. Manda anali kutsidya kwa msewu.

Apa m'pamene Likongwe anaona chimene sanachiganize. Namfedwa ankayenda mayendedwe akwawo: phazi kutsogolo, kuganiza, kubwerera pang'ono, kuponda. Khamu lonse linkayenda chomwecho, kugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ngati anthu oyenda m'tulo. Dzuwa linali litafiira.

"Alamu," ananong'ona Likongwe, "tatambasulaniko miyendo. Ndili ndi ana."

"Amuna anga ankayenda chonchi."

"N'chifukwa chake tili pano, alamu."

Diso limodzi linatembenukira kwa iye, ndipo Likongwe anatseka pakamwa.

Atafika pakati pa msewu kunamveka kung'ung'udza. Mayendayekha inali kubwera. Amayi anakuwa, ana anathawira m'mbali, a Kadzidzi anatambasula mapiko kuti auluke koma mdzukulu wina anawaponda mchira. Mayi Nadzikambe sanasinthe phazi. Thupi lawo linali litasanduka tala, moti amene anali kutali ankangoona timaso tiwiri tikuyandama pamsewu. A Njati anaima kumbuyo kwawo, kabokosi kali m'manja.

Galimoto inaona njati. Inachepetsa liwiro, inafika pafupi, inaima. Kung'ung'udza kuja kunazima.

M'katimo anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi, akutikita m'maso, osadziwa kuti ali kuti. Anasuzumira pagalasi, naona masamba ofota m'mphepete mwa msewu, naona khamu, naona chinyama chachikulu chitanyamula kanthu kakang'ono. Mayi Mbira ndiwo anayamba kutsika. Anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali, kenaka anamasula nsalu m'chiuno, nafunda kumutu, nalowa m'gulu la amayi. Ena onse anatsika. Abambo anavula zipewa.

A Njati anayenda phazi limodzi, naima, monga ankachitira namfedwa.

"Mayi," anatero motsitsa, "ndi wopepuka chonchi?"

"Anali munthu wathunthu."

"Pepani. Sindinamuone."

"Mukanamuona bwanji?" anatero mayi Nadzikambe osatembenuka. "Munalibemo."

A Kadzidzi anamva. Kuchokera pamenepo maso awo sanachokenso pansi, ndipo kawiri konse anaimitsa a Njati kuti nkhono ina ichoke panjira.

Anafika kumanda dzuwa litatsala kachidutswa. Likongwe sanadikire nyimbo, sanadikire mawu a akuluakulu. Analanda bokosi m'manja mwa a Njati, natsikira nalo, naligoneka, natuluka ngati waponda moto. Dothi linauluka. Anzake ankati akukwirira, koma iye ankakwirira ndi khasu, ndi manja, ndi miyendo, ndi mchira womwe. Ataumba mtumbira anaponda pamwamba pake, natembenuka. Kuwala kunali kukanali pansonga za nyanga za a Njati. Likongwe anadzigwira pamimba, anadzigwira pakhosi, napeza kuti alipo yense.

Mayi Nadzikambe anayamba kulira tsopano, kulira kumene anakusunga chichokere dzulo, ndipo amayi anawazungulira.

A Njati anapukuta thukuta, nayamba kuyang'ana kumene kunaima galimoto. Likongwe anawatsatira, nawakoka jekete.

"Bwana, kamodzi kokha. Chitsime chathu chili mbali ino. Mawa m'mawa alamu angawa awoloka kudzatunga madzi. Mkuja awolokanso. Kuli achule, kuli nkhono, kuli ana. Galimoto yanu ija taiona tonse, imaona inu. Mufika nthawi yanji?"

A Njati anayang'ana a Kadzidzi. A Kadzidzi anayang'ana pansi.

Koma anthu atayamba kubwerera kumudzi, a Njati anatsogola osauzidwa, nakaima pakati pa msewu, patsogolo pa galimoto. Anawoloka abambo, anawoloka amayi, anawoloka adzukulu ndi makasu awo. Pomalizira panabwera mayi Nadzikambe, phazi kutsogolo, kuganiza, kubwerera pang'ono, kuponda. Okwera anadikira chiimire, palibe anadandaula. A Njati sanasunthe mpaka nsonga ya mchira wa namfedwa itachoka patala.

Za mawa sananene.

Ine ndatsikira pomwepa. Nthano ikafuna kupitirira, ipitirire yokha.